Sosi wa ku West Bay ndi Bodza Lanu, Achimwene

Al Messila, Doha
Novembala 2021

Okondedwa achimwene a Bakali,

Asalamu alaikumu. Mawu oti okondedwa ndawalemba chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kusukulu, musawatenge ngati umboni. Muli bwanji kumeneko ku Namwera? Mwendo wa amayi ukutupabe? Nanga alamu ndi ana? Za thanzi lanu sindifunsa kwambiri, poti ndikumva kuti pakamwa panu pakugwirabe ntchito bwinobwino. Ine kuno ndili moyo. Katemera wa korona ndinabayitsa, ndipo digiri yanga ija ikupitiriza kuyendetsa galimoto ya eni ake mwaulemu.

Ndasankha pepala chifukwa pafoni netiweki yanu imavuta nthawi iliyonse nkhani ikafika pa inu. Pepala silidukaduka. Khalani pansi muwerenge.

Mlongo wathu Fauziya wachotsedwa ntchito. Madamu athu amupatsa mwezi umodzi kuti apeze kwina, apo ayi akwere ndege. Musanayambe kuuza anthu kumsika kuti mwanayo ndi waulesi, ndikukumbutseni kumene nkhaniyi inabadwira, poti azamba ake munali inu.

Mukukumbukira tsiku limene madamu anga ankamufunsa Fauziya mafunso pafoni ya kanema? Ine ndinali nditawauza zoona zokhazokha, kuti ndili ndi mlongo wakhama, wodziwa kuchapa, kusita ndi kuphika zakwathu. Inu mutamva kuti madamu anaphunzira ku Italy, munalowetsa mutu wanu pakamera opanda wokuitanani, nkunena kuti mwanayu waphikira ansembe achitaliyana kumishoni kwa zaka zambiri. Achimwene, Fauziya ankagulitsa mandasi pageti la mishoni. Mtaliyana yekhayo amene anadyapo za m'manja mwake ndi wansembe wokalamba uja, amene ankagula awiri nkupatsa galu wake limodzi. Madamu anaomba m'manja, nkumulemba ngati wophika. Inu munapita kukamwa tiyi.

Atangofika kuno anamupatsa paketi ya supageti ndi matimati. Mwana wa mayi anachita zimene munthu woleredwa bwino angachite. Anathyolathyola supagetiyo kuti asavute kudya, nkumuwiritsa mpaka anafewa ngati phala la wodwala. Anakazinga anyezi ndi ufa wa kale, nkuthira madzi okwanira kuti msuzi ufikire aliyense ngakhale kutabwera alendo. Madamu anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ansembe aja akadali moyo. Fauziya, mtima uli mbee, anayankha kuti mmodzi anamwalira.

Madamu anati mwina nkutopa kwa ulendo, ayeserenso sabata yotsatira, zikakanika abwerere kwa ejenti amene anamukonzera mapepala obwerera kuno. Sabata yomweyo korona anatseka mabwalo a ndege. Kubwezedwa nthawi imeneyo kunali kukakhala m'kachipinda ka ejenti, wopanda ntchito, wopanda ndege, wopanda tsiku lotulukira. Ndinakuimbirani. Munati Mulungu ndi wamkulu, kenako netiweki inavuta.

Ndiye ndinapita ku West Bay, kuja kuli nyumba zazitali zamagalasi. Kuli lesitilanti ya Mtaliyana wina wamimba, ndipo masiku amenewo mipando yake inali miyendo m'mwamba pamatebulo, akugulitsira pakhomo ngati wazitumbuwa. Ndinamupempha andigulitse sosi yekha, msuzi wawo wamatimati uja, wopanda supageti. Anandiyang'ana ngati ndapempha nsapato imodzi. Koma mliri unachepetsa matama a anthu ambiri. Anatenga bakuli langa nkulidzaza.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse ndinkakatenga sosi ndi ndalama za m'thumba mwanga. Fauziya ankamukhuthulira mumphika, nkukazinga adyo pambali kuti fungo lizungulire nyumba, nkudzidonthezera pang'ono pa epuloni kuti aoneke wogwira ntchito. Kuwiritsa supageti anaphunzira msanga. Anthu awa amafuna umuphule akadali ndi kafupa mkati, zimene kwathu mkazi akaphika amamubwezera kwa anankungwi. Madamu atalawa anatseka maso, nkunena kuti abwerera ku Milan. Anaimbira anzawo onse. Dzina la Fauziya linamveka m'mavila onse, nyumba za olemera za kuno ku Al Messila, kuposa la imamu.

Munthu akakhala ndi wophika wotere amamugulira zida. Madamu anayamba kuitanitsa matimati a m'zitini ochokera ku Italy komweko, mafuta a olivi, ndi timasamba tonunkhira ngati mpungabwi. Zinthu zimenezi zinkayenera kumatha, apo ayi akanadabwa. Ine ndinati tizitaya. Fauziya anakana, anati kutaya chakudya ndi haramu, bola aziphunzirirapo. Choncho masana madamu akagona, iye ankalawa sosi wa Mtaliyana nkumayesa kuphika wake. Zotsatira zake ndinkazinyamula m'bakuli lomwe lija kukapatsa Overtone, mnyamata wa ku Thyolo amene amalondera nyumba ina ku West Bay, ndi alonda anzake. Iwo ankadya, nkutsuka bakuli, ine nkuwoloka msewu kukalidzazitsa kwa Mtaliyana. Miyezi yoyamba Overtone ankati akudya chifukwa chokonda dziko lake basi. Chaka chino anayamba kundiimbira Lachitatu kufunsa ngati mawa ndikubwera.

Tinakhala choncho chaka ndi miyezi. Inu nthawi yonseyi munkauza anthu kumudzi kuti munapezera mlongo wanu ntchito yaushefu ku Arabu. Ndikumva kuti ena anakupatsani nkhuku.

Mwezi watha madamu anati atopa kudyera m'nyumba, malesitilanti atsegula, ndiwaperekeze ndi anzawo awiri. Doha ili ndi malo odyera ochuluka kuposa mbuzi za ku Namwera, koma anasankha omwewo. Ndinati kumeneko malo oimika galimoto amavuta. Anati yala, tiye. Nditawatsegulira chitseko pakhomo penipeni, weita wina anandithamangira ndi chimwemwe chonse, nkunditchula dzina, nkufunsa kuti bwanji lero ndabwera wopanda bakuli. Ngakhale nditavala masiki anandizindikira. Madamu anamva. Analowa, anaitanitsa supageti, nkupeza kuti sosi wake ndi yemwe uja wa kunyumba.

 Titafika kunyumba anakatsegula makanema a kamera yapageti. Anaona dalaivala wawo, Lachinayi lililonse, akutuluka ndi bakuli lolemera atalikumbatira ngati khanda. Kubwerera kwake sanakuone, poti ndinkalowera kugalaja.

Apa ndiye mumve kukula kwa ntchito ya manja anu. Madamu sanaganize kuti ife timagula sosi kwa Mtaliyana. Anaganiza kuti Mtaliyana amagula sosi kwa ife. Anati wophika wawo, wophunzitsidwa ndi ansembe, wakhala akuphika ndi matimati awo, mafuta awo ndi gasi wawo, ine nkumakagulitsa pa galimoto yawo. Bodza lanu linali litakula, litamera ndevu, likutiweruza m'nyumba ya eni. Anatchula apolisi. Inu mawu amenewa mumawamva ngati nkhani yokambirana ndi wachibale wa kupolisi ya Namwera. Kuno wantchito wa m'nyumba akamutchula wakuba, chotsatira ndi selo, kenako ndege, ndipo sabwereranso. Tonse awiri, ine ndi Fauziya. Mankhwala a mwendo wa amayi mukanayamba kugula inu.

Ndinaulula zonse, za mandasi, za galu, za mutu wanu pakamera. Madamu anaseka, anati sanamvepo wakuba wodzichepetsa chonchi. Anafunsa malisiti. Malisitiwo ndinkawang'amba ndisanafike pageti, mwanzeru zanga zakuyunivesite. Ndinati aimbire Mtaliyana. Anati ndi shefu uti angavomere kuti amagula sosi kwa wantchito wa m'nyumba. Ndinati afunse Overtone. Anati Mmalawi mnzanga anganene chiyani china. Moyo wanga wonse sindinavutikepo chonchi kutsimikizira munthu kuti ndine wabodza.

Amene anadula mlandu ndi bwana, amuna awo, munthu wosalankhulalankhula amene ankangofuna kuonera mpira mwamtendere. Anati nkhaniyi njosavuta. Lachisanu akabwerako kumzikiti, Fauziya aphike sosi pamaso pawo. Akakoma ngati wa kulesitilanti, ndiye kuti ndife akuba, aitane apolisi. Akapanda kukoma, ndiye kuti ndife abodza chabe, ndipo abodza sawatsekera.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinapita kukhitchini nkumuuza Fauziya kuti tapulumuka, angophika mmene amaphikira.  Iye anatsegula firiji, anatulutsa kambale ka sosi amene anaphika yekha dzulo lake, nkundipatsa supuni. Achimwene, ndinalawa. Ndinalawanso. Mtaliyana uja akanalawa akanalumbira kuti ndi wake. Fauziya anati ankafuna kundiuza kumapeto kwa mwezi kuti ndisiye kugula, tsopano akutha yekha. Anati ankalakalaka tsiku limodzi madamu atakhala pampando nkumuonerera akuphika, kuti mayamiko onse aja akhale akedi.

Tsikulo linafika. Madamu anakhaladi pampando pakhomo la khitchini, manja atapinda. Bwana anaima kumbuyo. Ine anandiimika pafupi ndi sinki ngati mboni yosadalirika. Ndinaona dzanja la Fauziya likupita lokha ku adyo ndi mafuta a olivi. Analibweza. Anatenga anyezi atatu akuluakulu, nkuwakazinga mpaka kuda. Anathira kale wodzaza dzanja. Anatsegula chitini cha matimati abwino aja, nkuwamiza ndi jagi yamadzi. Kenako anatenga supageti nkumuthyola pakati, phwaa, ndipo madamu anadzidzimuka ngati wathyoledwa ndi iwo. Anamusiya pamoto mpaka anasanduka phala lija la tsiku loyamba.

Madamu analawa kansonga ka supuni, nkulavulira m'kapepala. Anati khalasi, basi, akhulupirira, mtsikanayu sadziwa kuphika ndipo sadzadziwa. Bwana anabwerera ku mpira. Fauziya anatsuka mphika misozi ili chuchuchu. Nditamuyandikira anati ndi anyezi.

Apolisi sanabwere. Ine anandisiya pantchito chifukwa ndimadziwa njira zachidule zopitira kusukulu ya ana, ndiye digiri yathandizako. Fauziya anamuuza kuti nyumba ino inkafuna wophika, wochapa alipo kale. Ndipo kuti museke bwino, tsopano madamu amandituma okha Lachinayi lililonse kukagula sosi kwa Mtaliyana yemweyo, m'bakuli lomwelo. Sabata yatha anadandaula kuti masiku ano sakununkhira ngati kale. Amene ankakazinga adyo uja ali kuchipinda, akupinda zovala zake.

Mwina mwamva pawailesi kuti kuno malamulo a ntchito anasintha, munthu akhoza kuchoka kwa bwana wina kupita kwa wina popanda chilolezo cha woyambayo. Nzoona, ndipo nchifukwa chake Fauziya sanamukweze ndege tsiku lomwelo. Koma lamulo limathamanga papepala, pansi limayenda ndi ndodo. Mabwana atsopano amaimbirabe akale, ndipo m'mavila onse a kuno akudziwa kale za wophika amene sadziwa kuphika. Ndinamuuza kuti tikayese kumahotela, akanene kuti amatha zachitaliyana, poti tsopano nzoona. Anakana. Anati mawu amenewo anatuluka koyamba pakamwa panu, ndipo iye sadzawatchulanso ngakhale atamuika mpeni pakhosi. Akufunsira ntchito yokolopa. Mwamubera ntchito, mwamuberanso chinthu chimodzi chimene anaphunzira ndi thukuta lake.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Alamu andiuza kuti mwayamba kupita kwa ejenti wa kumeneko ndi mlongo wathu wamng'ono Samira, ndipo mwanena kale kuti mwanayo anaphikira Matchaina amene ankakonza msewu. Samira ankawagulitsa nthochi. Achimwene, ndakupemphani m'dzina la bambo athu amene anagona, bwererani kwa ejentiyo mukameze mawu anu. Ngati Samira akufuna kubwera, abwere ndi zimene manja ake amadziwa, ayankhe yekha mafunso, inu muli kunja kwa nyumba, makamaka kutsidya la msewu. Malesitilanti achitchaina kuno aliko, koma ine bakuli lachiwiri ndilibe. Mukapitiriza, ndimuimbira ejentiyo ndekha, ndipo netiweki yanga siivuta.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala awo afika monga mwa nthawi zonse. Moni kwa alamu, amene ndimawapempherera mwapadera. Moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Chiponde, kwa Samira ndi ana onse. Overtone akuti ndikupatseni moni ngakhale sakukudziwani, akuti mwamuchotsera chakudya pakamwa ndipo adzakufunani akadzabwera kutchuthi.

Fauziya ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati ayi. Kenako anandiitananso, nkuti ndikuuzeni kuti ntchito ikapanda kupezeka afika mwezi wamawa, ndipo supageti wagula kale. Akuti adzaphikira amayi ndi Samira sosi weniweni uja, kuti alawe chimene anaphunzira. Inu adzakuphikirani wa Lachisanu, wa kale ndi jagi yamadzi, mphika wonse, ndipo adzakhala pampando atapinda manja mpaka mumalize.

Ndine mng'ono wanu, poti pamenepa sanandifunse maganizo,

Anwari