Mchere Umene Andiletsa Kuchipatala

Ku Limbe,
Febuluwale, 1931

Okondedwa achemwali a Angelina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga amayi, chifuwa chija chinawaleka? Ndamva kuti ku Neno mvula yagwa bwino ndipo chimanga chamasula. Kunonso ikugwa, moti msewu wa ku Kabula wasanduka phala. Ine sindinena kuti ndili bwino, chifukwa munamva kale kuti ndikudwala, ndipo munamva mokhota. Kalatayi muwerenge nokha, osati pagulu. Dzanja langa likakuvutani penapake, kafunseni aphunzitsi, koma mupite nokha.

Pokhala pansi kuti ndilembe, ndadina mwendo wanga ndi chala pamwamba pa kakolo, monga anandionetsera kuchipatala. Palowa kadzenje. Mwendo wa munthu wabwino ukaudina umabwerera pomwepo. Wangawu ndiuyang'ananso ndikamaliza kulemba.

Matendawa anayamba Khirisimasi itangopita. Ndinkadzuka nkhope itatupa, maso ngati ndalumidwa ndi njuchi. Anzanga kufakitale ya fodya, kumene ndimasankha masamba, ankandiseka kuti Fabiano wayamba kunenepa ngati kapitawo, nanenso ndinkaseka nawo. Dzuwa likakwera nkhope inkaphwa, koma pofika madzulo kutupa kunkatsikira kumiyendo, mutu n'kumawawa.

Mundikhululukire, achemwali, ndinena zimene mlongo sauza mlongo wake, koma nkhani yonse yagona pamenepo. Mkodzo wanga unachepa. Unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo unkasiya thovu losaphwa msanga. Ndinabisa kwa masabata angapo, mpaka tsiku lina ndinalephera kuima pantchito.

A Sumaili, atelala amene tinayandikana nawo nyumba, ndiwo anandikweza panjinga yawo kupita nane kuchipatala ku Kabula. Mlamu wanu Ursula anatsatira wapansi atabereka mwana wathu Ethel. Vitalis, msuweni wathu uja, anali kuno masiku amenewo kufunafuna ntchito, ndiye anatsagana nafe. Ndikanadziwa ndikanamusiya kunyumba akusenda nandolo.

Dokotala wake ndi mzungu wamtali wosayankhula zambiri. Womasulira ndi mthandizi wake, a Aloysius, munthu wa ku Chiradzulu. Dokotalayo atandidina miyendo ndi kundikoka zikope, anandipatsa botolo kuti ndikakodzeremo. Ndinakana. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera, kuti ngakhale tsitsi lometedwa sitisiya poyera, nanji zimenezi kupatsa mlendo m'manja. A Aloysius sanandiseke. Anati ndiime pomwepo ndione zonse zimene achite, ndipo zotsala ndikataye ndekha. Ndinavomera.

Anathira pang'ono m'kagalasi kotalika ngati chala, n'kukagwira pamoto wa kanyali. Utayamba kuwira, m'katimo munachita mtambo woyera. Anadonthezamo mankhwala, mtambo uja osachoka, m'malo mwake unaundana ngati choyera cha dzira chikapsa. Kuti ndimvetse, anaphikanso wa munthu wina amene anabwera ndi chilonda chapamwendo, ndipo wake unakhala mbee ngati madzi. Ndinaona ndi maso anga kuti m'thupi mwanga muli chinthu chimene mwa anzanga mulibe. Dontho lina analiika pansi pa galasi lokuza zinthu, ndipo dokotala anati muli magazi osaoneka ndi maso.

A Aloysius anandifotokozera kuti vuto lili mu impso, ziwiri zija timaziona kumsana kwa mbuzi tikamatumbula. Anati impso zili ngati khuntho la mowa: ntchito yake ndi kusunga zabwino m'thupi ndi kutulutsa madzi oipa. Zanga zatupa, ndiye zikutaya chakudya cha thupi, chimene ndi choyera chija, pomwe madzi oyenera kutuluka akutsalira m'miyendo ndi kumaso. Ndinafunsa chimene chaziwononga. Dokotala anandifunsa ngati ndinadwalapo zilonda zapakhosi kapena zapakhungu posachedwa, ndi ngati ndinakodzapo magazi ndili mwana. Ndinati mnyamata aliyense wosambira ku Lisungwi anakodzapo, ndipo tinkayesa ndiko kukula. Iye anangogwedeza mutu, nati sangalumbire kuti chayambitsa ndi chiti. Anati ena amachira akagona ndi kusamala zakudya, ena impso zimapitirira kufooka. Sanandiuze kuti ine ndili mbali iti, ndipo ndicho chikundisowetsa mtendere.

Kenaka ananena mawu amene abweretsa mlandu wonsewu. Anati ndisiye mchere. Ndisadye ngakhale pang'ono, kaya m'ndiwo, kaya m'nsomba zouma.

Achemwali, mawu akuti mchere atatuluka, Vitalis anayang'ana Ursula. Sindikubisirani, nanenso ndinamuyang'ana. Kunali kuyang'ana kwa kanthawi kochepa, koma anaona. Anangoweramitsa mutu n'kukonza nsalu yoberekera mwana.

Vitalis sanagone masiku ambiri, anati ntchito yasowa, akubwerera kumudzi. M'kamwa mwa Vitalis simugona nkhani, ndipo imene wanyamula imafika itabala ana. Zimene anakanena ndazimva kwa munthu wa kwa Chekucheku amene anabwera ndi uthenga wa amalume sabata yatha. Akuti ngakhale mzungu waona kuti ndi mdulo, n'chifukwa chake waletsa mchere. Akuti Ursula anayenda ndi mwamuna wina kuno kutauni, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo zanga, ndiye wandidula. Amalume akuti akangomaliza kubandira abwera ndi ankhoswe kuti Ursula aulule, ndipo abweretsa mankhwala oti awathire m'ndiwo zanga pamodzi ndi mchere ndi dzanja lake. Akakana, ukwati uthere pomwepo.

Sindikunyoza amalume. Anatilera bambo atamwalira, ndipo ndikudziwa kuti akuchita izi poopa kunditaya. Inenso ndinakula ndikumva kuti wotupa miyendo wadulidwa. N'chifukwa chake nditapitanso kuchipatala ndinawakokera pambali a Aloysius n'kuwafunsa maso ndi maso ngati dokotala amatanthauza zimenezo. Nawonso ndi mwana wa kumudzi, za mdulo amazidziwa. Anati dokotala za mdulo sazidziwa n'komwe. Anandifunsa ngati ndinaonapo mmene mchere umanyowera m'chikho nyengo ya mvula ino, popanda wothiramo madzi. Anati m'thupinso umatero, umakoka madzi ndi kuwasunga, ndipo impso zodwala sizingathe kuutulutsa. Zilibe kanthu kuti wathira ndani, kaya Ursula, kaya inu, kaya amayi amene anandibala. Anatinso chaka chatha anaphika mkodzo wa mzungu wina wa kumunda wa tiyi, mbeta yachimuna yopanda mkazi, wophikiridwa ndi khukhi wamwamuna, ndipo unaundana chimodzimodzi, nayenso anamuletsa mchere. Ndinawafunsa kuti nanga ameneyo anamudula ndani, ndipo tonse tinaseka. Koma nditafunsa ngati mzunguyo anachira, a Aloysius anangoyamba kutsuka kagalasi kawo.

Ursula mukumudziwa. Ndi uja munati ndakwatira mkazi woseka ngati wameza belu. Lero simungamuzindikire. Mchere wonse wa m'nyumba anakapereka kwa a Afisa, akazi a Sumaili, ndipo iyenso akudya zosakolera ngati ine, ngakhale palibe wamuletsa. Ndinamuuza kuti azithira m'mbale yake, iye anati dzanja lake silidzagwiranso mchere m'nyumba muno. Amanditsuka miyendo, amandisanjikira pamtondo kuti kutupa kutsike, amapita m'mamawa kukandigulira mkaka umene dokotala anati ndizimwa. Kumpopi amayi ena ayamba kunong'onezana akamuona, pakuti wa uthenga uja sananene motsitsa mawu. Ndinamupepesa chifukwa cha kuyang'ana kuja. Anati wamva, koma madzi akatayika saoleka.

Chimene chandiopsa koposa ndi chimene Ursula anandiuza dzana. Anati amalume akabwera, iye adzavomera mlanduwo. Adzanena kuti inde anachita, ngakhale Mulungu akudziwa kuti sanachite, chifukwa mwina mankhwala awo angandichize, ndipo kuli bwino iye atchedwe wachigololo kusiyana n'kuti Ethel akule wopanda bambo. Taganizani, achemwali. Adzadzipaka matope amene sadzawasamba moyo wake wonse, kenaka ndi dzanja lake adzandithirira chinthu chomwecho chimene dokotala akuti chingandifulumizitse kumanda. Ndikadya, ndadzipweteka. Ndikakana, amalume adzati ndikuikira kumbuyo mkazi wondipha. Ndipo ndikafa, njira iliyonse adzaloza iyeyo.

Lachiwiri lapitali anaphikanso mkodzo wanga. Choyera chija chachuluka kuposa poyamba, chinafika pafupifupi theka la kagalasi. Dokotala anakwiya kuti ndikupitabe kuntchito. Akufuna ndigonekedwe m'chipatala, ndisaponde pansi mpaka kutupa kutaphwa, ndipo aziyeza mkodzo m'mawa uliwonse. Anati ndikayamba kusanza, kapena maso kuchita chidima, kapena mkodzo kusiyiratu, ndisadikire kuti kuche. A Aloysius anandiperekeza mpaka panja n'kundiuza kuti ndisachedwe nazo. Ndinawalonjeza kuti ndibwera, koma sindinapite. Sindingakagone kumeneko n'kusiya Ursula yekha m'nyumba, amalume ndi ankhoswe n'kumupeza alibe womuyankhulira. Abale ake ali ku Mulanje, ndipo akuchita manyazi kuwatumira uthenga wotere.

Ndikuopa, achemwali. Sindinaopepo chonchi, ngakhale tsiku lija ng'ona inagwira mbuzi pafupi ndi ine padooko. Ng'ona umaiona n'kuthawa. Ichi ndimayenda nacho. Ndikamapita kuseri ndimapita ndi mantha, n'kumayang'ana ngati wachepanso. Sitima ikalira ku siteshoni ndimaganiza za kwathu, n'kumadzifunsa ngati ndidzafikekonso ndi miyendo yanga.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Bwerani inu, amalume asananyamuke. Musadikire kuti mukolole. Alamu ndikuwapempha akuloleni, ndipo ana muwasiye ndi amayi. Mukafika tidzapita limodzi kuchipatala, mukaime pamene ndinaima ine, muone mkodzo ukuphikidwa, mufunse a Aloysius chilichonse chimene mtima wanu ukukayika. Musakhulupirire ine, mwina mungati mkazi wandidyetsa. Mukaone nokha. Mukakhutira, mukhale ndi Ursula kuno pamene ine ndili m'chipatala, ndipo amalume akafika akupezeni inu pakhomo. Mawu anga sangawamve, adzati wodwala sadziwa chomwe akunena. Koma inu amakumverani. Ndimakumbukira mmene munawabwezera pa nkhani ya munda wa kudimba, iwo n'kungotsala akukanda m'mutu.

Tsiku lomwe mudzafike ndi lomwe ndidzapite kukagona kuchipatala. Ngati Mulungu andiitana musanafike, muuze amayi ndi amalume kuti Fabiano ananena ali ndi nzeru zake zonse kuti anafa ndi impso, ndipo Ursula alibe mlandu. Asamuvule ulemu pamaliro anga, ndipo Ethel asadzakule akumva kuti amake anapha bambo ake.

Mukafika ku Limbe mufunse khonde la sitolo ya mmwenye yoyang'anana ndi msika, pamene pali makina osokera. A Sumaili amakhala pamenepo tsiku lonse ndipo ndawauza kale za inu. Musanyamule nsomba zouma, ngakhale amayi akakamize. Ngati pali maungu oyamba, amenewo ndingadye.

Ethel wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Akuyesa kuima pogwira mwendo wanga, ndiye amadabwa zala zake zikasiya timaenje.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze modekha, musawaonetse mantha anga onse. Moni kwa alamu, kwa adzukulu anga onse, kwa azakhali a kutsidya ndi kwa aphunzitsi. Amalume muwapatse moni waulemu, muwauze kuti ndikadali mwana wawo. Vitalis mumuuze kuti moni wake ndamusungira kuno, adzautenge yekha. Ursula akupereka moni. Anafunsa ngati inunso mwakhulupirira, ndipo ndamuuza kuti ayi. Musandichititse manyazi.

Ndayang'ana mwendo uja tsopano. Kalata yonseyi ndalemba, inki ya tsamba loyamba yauma, koma kadzenje kaja kakadalipo. Fulumirani, achemwali.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Fabiano