Mkono wa Jontrell

11 Malichi
Mississippi, kakoleji kakang'ono kaja. Mvula, kuzizira. Mawa tsiku loyeza anyamata ofuna kulowa ligi yaikulu ya mpira wa ku America, wogwira ndi manja uja. Anzanga ofufuza osewera, a matimu ena, andipatsa ine tepi: ndiyeze mikono, nditchule mokweza, onse alembe. Ine ndabwerera Jontrell Mabry, wotchinga wa m'mbali. Zaka ziwiri ndikumutsata. Wolandira mpira asanakhote, iye wakhota kale. Mwana uyu ndi wanga, ndinamupeza ndine.

12 Malichi
Mainchesi 30 ndi 7/8. Ndatchula ndi pakamwa pangapa, anthu 26 alemba. Ku timu yathu, ndi matimu ambiri, wotchinga wa mkono wosafika 31 satengedwa. Chaperewera n'chochepa ngati chikhadabo. Tolliver, mkulu uja wa timu ina, anandinong'oneza: "Aise, tepi amaikoka pang'ono, zaka zonsezi sudziwa?" Jontrell wathamanga bwino zedi, koma anthu anali atatseka kale mabuku. Masana nkhuku yokazinga, yakanika kulowa.

2 Epulo
Msonkhano ku ofesi. Ndaonetsa makanema a masewera a Jontrell asanu ndi limodzi, ndalankhula mpaka kukhosi kuuma. Abwana Haldorsen angofunsa nambala, basi, dzina lake lachotsedwa pa bolodi ya amene tikufuna kuwatenga. Akufuna wina wa ku Ohio, mikono italiitali koma kukhota ngati lole. Ndapsa mtima. Zaka 58, kontrakiti ikutha Meyi, ndingalimbane ndi ndani?

15 Epulo
Foni ya mayi ake a Jontrell. Akuti mwana akumalendewera pachitsulo cha pakhomo m'mawa ndi madzulo, kuti mikono italike. Manja onse matuza. Andipempha ndikamuyezenso. Ndawauza kuti nambala ili kale m'makompyuta a matimu onse. Iwo: "Bambo, ingobwerani." Ndavomera.

19 Epulo
M'khitchini mwawo. Ndayeza katatu. Katatu konse 31 ndi 1/8. Tsiku lija kunkazizira, mwana atakweza mapewa, ndipo ine sindinamuuze kuti amasuke. Zaka 24 ndikugwira tepi, kulakwitsa chinthu cha ophunzira!
Jontrell kudumpha, kukumbatira mayi ake, akuti chitsulo chagwira ntchito. Ndamusiya akhulupirire choncho. Manyazi.
Ndaimbira abwana ndili m'galimoto. Akuti yovomerezeka ndi ya tsiku loyeza, za m'khitchini n'zanga. Tolliver wangoseka, akuti aliyense ali ndi mwana wake amene mkono umakula mu Epulo.

23 Epulo
Ndatumiza uthenga kwa onse 26, kuvomera kuti ndinalakwitsa ndine. Ayankha awiri. Mmodzi amafunsa za motelo yabwino ku Jackson.

27 Epulo
Kusankha osewera kwatha. Masiku atatu, mayina oposa 250, lake palibe. Ngakhale zoti adzangoyesedwe, palibe wamuimbira. Wa ku Ohio tamutenga, anthu kuwomba m'manja, nanenso ndawomba.
Uthenga wa Jontrell: "Zikomo bambo, ndinu nokha munandikhulupirira. Chitsulo sindisiya, chaka chamawa mudzapeza 32."
Ndalemba yankho kanayi, kufufuta kanayi. Ndimuuze bwanji kuti mkono wake unali wokwana kuyambira kale, kuti amene anaperewera ndine?