Tizala ta mwana wa m'botolo

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Kitweko? Kuno tilipo, koma mlamu wathu Esinati sakupeza bwino chipitireni padera, mimba ili ya miyezi itatu.

Kusukulu ya unamwino tikuphunzira mmene mwana amayambira, kanthu kosaoneka ndi maso n'kumagawikana mpaka kukhala munthu. Aphunzitsi anatibweretsera botolo muli mwana wa miyezi itatu yomweyo. Achemwali, anali kale ndi tizala.

Nditafika ku Lirangwe Loweruka, ndinapeza azakhali akumuuza Esinati kuti, "Usalire, anali magazi chabe." Iye anatembenukira kwa ine: "Inu ophunzira, n'zoona?"

Ndinangomugwira dzanja. Mayeso ayandikira, koma buku lija ndikulephera kulitsegula.

Chonde mulembereni, inu amakumverani. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Feliya