Dzina Limene Ndinasonkhezera Moto

Lolemba, 4 Seputembala 1978, Piribebuy

Bambo afunsa za mfuti yawo ya kunkhondo ya ku Chaco. Akufuna kuinyamula pa 29 mwezi uno, pa perete wa asilikali akale. Maso anafa chaka chatha, atsala ndi zala. "Ndikufuna ndikhudzenso dzina lija," atero. Ine thukuta kamukamu. Mfutiyo ili kudenga kwanga, yachidule. Ndinaicheka ndekha ndili ndi zaka 19, ati ipepuke posaka nguluwe. Thabwa la kutsogolo, lomwe Bambo analembapo dzinalo ndi mpeni, ndinasonkhezera moto wootchera nyama. Zaka makumi awiri ndikuwauza kuti ndaisunga bwino.

Lachinayi, 7 Seputembala

Dzimbiri lachoka ndi palafini. Mwayi wake mpope sindinaudule. Mphete ziwiri zachitsulo zomangira thabwa ku mpope ndazipeza kwa Don Anuncio, wokonza mfuti. Wandiyalutsa pagulu: "Kalipentala wamkulu iwe, unkadula ndi mano kodi?" Anthu kuseka, ine kuseka nawo. Chitsiru ine.

Lachiwiri, 19 Seputembala

Thabwa latsopano lalowa bwino, polumikiza pabisika pansi pa mphete. Ndalipaka oyilo wakuda, kulikwapula ndi tcheni kuti lioneke lakale. Ntchito yokongola, koma bodza lokhalokha.

Nanga dzina? Ndi la mnzawo amene anawapatsa madzi ake omaliza kunkhondoko, iye n'kufa ndi ludzu. Nkhaniyi aikamba kambirimbiri, ine khutu lili kwina. Sindikulikumbukira, kalanga ine! Mkazi wanga Zunilda akuti, "Kawafunseni basi, manyazi sanaphepo munthu." Kwa iye n'chapafupi kunena. Kufunsa n'kuulula.

Lachinayi, 28 Seputembala

Ndapita nayo kwa Bambo choncho, thabwa lili see, lopanda chilembo. Ndawapeza pansi pa mtengo wa mango, akumwa tereré, tiyi wawo wozizira. Aika chikho pansi. Zala kuyenda pang'onopang'ono, kufika pamalo paja, kuima. Ainunkhiza. "Oyilo wa thirakitala uyu."



Mawu awo sakuchoka m'mutu: "Eulogio mwana wanga, tsiku lija ndinali kuseri kwa khola la ng'ombe. Sowo ndinaimva. Sindimadikira mfuti ine, ndimadikira pakamwa pako."

Ndanena zonse, ndi za moto zomwe. Ndalira ngati khanda, imvi zili mbuu. Iwo atulutsa mpeni wawo wa m'thumba, kundifumbatitsa. "Ine sindiona, iwe sukumbukira. Ndiye gwira. Saturnino Ayala."

Ndalemba dzinalo pa thabwa, zilembo zapindika. Akhudza, akuti zawo zija zinali zopindika kuposa apa.

Lachisanu, 29 Seputembala

Bambo aguba mpaka kumapeto, ine nditawagwira chigongono, chala chawo chili pa dzina. Pobwerera ndafunsa koyamba m'moyo wanga kuti Saturnino anali munthu wotani. Akuti ankaopa achule, ankaimba moipa.

Anali ndi zaka 19.