Ndimangowadziwa Maso

Hsinchu, 9 Disembala

Okondedwa achemwali a Pei-shan,

Ndikhulupirira muli bwino ku zilumba za Penghu pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuwavutabe ndi mphepo ya nyengo ino? Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Udindo uja ndinkaudikira, woyang'anira gulu lathu, watsala pang'ono kundipulumuka. Amayi musawauze kaye.

Paja m'chipinda chomwe timapangira tizipangizo ta m'makompyuta timavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuopa fumbi. Munthu amangooneka maso okha. Zaka zisanu ndi zinayi ndagwira mmenemo, ndipo makina akavuta amathamangira ine. Ndinkayesa kuti zokhazo zakwana.

Lachiwiri abwana anga, a Tseng, ananditengera kodyera masana kwa pakampani. Anati ndiwalozere anthu asanu ndi mmodzi a gulu langa, poti onse anali momwemo. Achemwali, zinandikanika. Ine ndimadyera ndekha m'galimoto, nkhope zawo sindinazionepo bwino. Ndinaloza awiri, wina n'kupezeka kuti ndi dalaivala wa basi ya kampani.

A Tseng anaseka mpaka kutsamwa. Anati makina amandimveradi, koma makina sadwalitsa mwana, sapempha tchuthi cha maliro. Andipatsa mpaka tsiku la phwando lotsekera chaka. Ndikadzakweza tambula n'kufunira aliyense zabwino pomutchula dzina, adzandiganizira. Apo ayi, udindowo upita kwa wina.

Dzulo ndinalimba mtima. Ndinanyamula mbale yanga ya mpunga kukakhala patebulo lomwe a Tseng anandisonyeza kuti ndi la anzangawo. Onse anatembenuka kundiyang'ana. Kenaka mayi wina analankhula, ndipo mawuwo ndinawazindikira: anali a Liao, omwe ndimagwira nawo ntchito tsiku lililonse. Anandifunsa mwaulemu kuti kodi bambo mukufuna ndani.

Nawonso sandidziwa, achemwali. Ndinangoti pepani ndasokera, n'kunyamuka. Sindinasungulumwepo chotere chibadwire.

Inu pamalo panu pogulitsira chakudya cha m'mawa mumadziwa aliyense, ngakhale dzina la galu wake. Chonde mundilembere mawu oyamba omwe munthu amanena akakhala pansi ndi anzake. Musandiseke, kulibe wina woti ndimufunse. Lolemba ndibwereranso patebulopo.

Mupereke moni kwa amayi, alamu ndi ana. Mizimu ya makolo athu ikusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Kun-lin