Tsamba Lachiwiri la a Chipumi

Lolemba, 6 Meyi

Zimangirizo 63, wochonga ine ndekha. Mutu ndinasankha ndekha: "Tsiku lomwe sindidzaliiwala." Ndinaziputa dala. Theka la kalasi lalemba za ukwati.

A Oyang'anira akuti zonse zikhale zitachongedwa pofika mawa masana. Ati ndisamavutike n'kulemba ndemanga zangazanga, pali zija anatikonzera, khumi ndi ziwiri, kungokopera n'kumata basi. Poyamba zinkandinyansa. Lero ndamata mpaka chala kuwawa.

A Chipumi atumiza chimangirizo chawo, cholemba pamanja n'kujambula ndi foni, monga mwa masiku onse. Ndi telala, zaka 58, wamkulu kuposa onse m'kalasi langa la pa intaneti. Dzinalo ndinawapatsa chamumtima, chifukwa miyezi inayi yonseyi kamera yawo imangondionetsa chipumi ndi denga. Nkhope sindiidziwa. Alemba za m'mawa wina: kusita malaya, kumwa tiyi, mwana wawo wamkazi kuwatchajira foni. Nkhani n'kuthera pomwepo. Ndawapatsa 4/10 ndi ndemanga nambala 7: "Nkhani yanu ilibe mfundo. Chotsani zosafunikira, mulembenso."

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndamaliza. Msana wanga ine!

A Chipumi sanalowe m'kalasi lero. Si khalidwe lawo. Chiyambire anajombapo sabata imodzi yokha, mu Malichi.

Lachitatu, 8 Meyi

Mayo ine.

Ndimafufuta zithunzi mufoni, malo anatha. Ndapeza kuti a Chipumi anatumiza masamba awiri. Lachiwiri silinatseguke Lolemba lija, netiweki inkavuta, ine pa liwiro langalo osaona n'komwe.

Tsamba lachiwiri likuti mwana uja anatuluka m'mawa umenewo kupita kuntchito, galimoto inamugunda pamphambano n'kumupha. Mu Malichi. Sabata ija ndinangowalemba kuti ajomba, osafunsa. Ndi mwanayo anawalembetsa sukuluyi, ati bambo atenge satifiketi yomwe anaisiya panjira polera iyeyo. Mzere womaliza: "Aphunzitsi, nkhaniyi sindinaifotokozepo kwa munthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndayamba ndi inu."

Ine n'kuwayankha kuti chotsani zosafunikira.

Ndalira patebulo pomwepa ngati mwana. Achemwali anga atulukira kukhitchini ndi mpeni wa anyezi m'manja, "Wamwalira ndani?" Ndangowapatsa foni kuti awerenge okha. Atamaliza ati, "Iwe, apa walakwa," uku akundisisita kumsana. Achemwali kunama sadziwa.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndawaimbira a Chipumi kanayi, foni ikungoitana. Ndatumiza uthenga wa mawu wopepesa, ndaujambula kasanu. Sanautsegule.

Ndaimbira a Oyang'anira. Ati malikisi akatsekedwa atsekedwa, koma wolephera ali ndi mwayi wolembanso mpaka Loweruka. Akapanda kutumiza, dzina lichoka pamndandanda wa olemba mayeso. Kenaka ati, "Musadziimbe mlandu, mayi, ndemanga ija ndi yovomerezeka." Yovomerezeka! Ndaluma mlomo kuti ntchito ingandithere.

Za malikisi ndilibe nazo ntchito ine. Ndikungofuna bambo aja abwerere, ndiwauze kuti ndawerenga. Mtima ukundiwawa zedi.

Lachisanu, 10 Meyi

Kalasi la 4 koloko. Pakamwa ndikuphunzitsa kamangidwe ka ndime, maso ali pa mayina a olowa. La a Chipumi silinatuluke. Wophunzira wina, mayi wa saluni, wafunsa, "Aphunzitsi, mwadwala kodi?" Ndati chimfine.

Kwatsala mawa lokha.

Loweruka, 11 Meyi

Atumiza 10 koloko m'mawa, ine ndikuchapa. Nditaona dzina lawo ndakuwa, achemwali mpaka kudzidzimuka. Ndatsegula manja ali ndi thovu. Ndayang'ana kawiri ngati pali chithunzi china. Palibe.

Tsamba limodzi, zilembo zaukhondo, popanda pofufuta. Mutu womwewo. Alemba za tsiku lomwe anagula makina awo osokera. Chiyambi, thunthu, mathero, chilichonse pamalo pake. Mwana uja mulibemo, ngakhale mzere umodzi.

Pansi pake alemba uthenga: "Pepani aphunzitsi, ndinakutayitsani nthawi ndi za kunyumba. Mawu munatumiza aja sindinawamve, oterewo ankanditsegulira ndi mwana. Ndachotsa zosafunikira zija. Kodi pano mfundo ilipo?"

Pa ndondomeko yathu yochongera, ichi ndi 8/10. Mayeso alemba nawo.

Ndatsegula polemba ndemanga. Ndalemba "Bambo," basi. Papita ola ndili pa mawu amodzi omwewo, zovala zikadali m'beseni.