Nsanza za pa Galimoto ya Bambo Ako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mpongozi wanga ndi wa adzukulu anga awiriwo. Kodi wamng'onoyo chifuwa chija chinamusiya? Ife kuno tili bwino. Bondo langa lamanzere ndi lokhalo limadandaula kukacha, koma ndikaliyendetsa limakhala chete.

Akundilembera ndi mlongo wako. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikulankhuliramu, asakometse, ndipo akamaliza ndime akundiwerengera kuti ndimve ngati sanabepo mawu. Ndikanatha kukuimbira foni, koma pa foni iwe umathamanga ngati wasiya mkaka pamoto, ndipo nkhani iyi si yothamangira.

Ndi nkhani ya galimoto ya malemu bambo ako.

Uthenga wako ndinaulandira, woti wagwirizana ndi wogula zitsulo kuti adzaitenge Loweruka lomaliza la mwezi uno. Sindinakwiye. Zaka khumi ndi chimodzi ili pa njerwa m'chisakasa muja, injini ili pansi, zitsulo zili m'zitini ndi m'mabeseni. Inenso ndinkati ichoke, ndipeze malo owala oikapo makina anga osokera.

Ndiye ndinalowamo ndi tsache kuti munthuyo asadzatione ngati anthu auve. Ndikusesa ndinaona kuti chitsulo chilichonse chili ndi kansanza komangidwapo. Kapaipi kali ndi kake, mabawuti amangidwa m'timathumba tawo. Nditasuzumira m'boneti ndinapeza kuti m'menemonso muli tinsanza, pafupifupi pabowo lililonse. Ndinkationa kale, koma ndinkayesa kuti ndi topukutira m'manja.

Kansanza ka pa kapaipi kaja nditakagwira, zala zanga zinakazindikira. Kanali kakuda bii ndi oyilo, koma inali nsalu ya makatani amene ndinasokera akuchipatala chaka chomwe bambo ako anapuma ntchito. Ndinafufuza m'boneti mpaka ndinapeza kanzake. Nditatenga kapaipi kaja n'kukayeza pamenepo, kanalowa ngati mkono wa malaya paphewa pake.

Mwana wanga, ndinakhala pansi. Zaka zonse zija ndinkakalipira mlongo wako kuti akundibera zidutswa za nsalu, osadziwa kuti wakuba ndikugona naye chipinda chimodzi. Mlongo wakoyu pano waimika cholembera, akuti ndimupepese kaye. Ndamupepesa, tapitiriza.

Bambo ako kulemba sankadziwa, monga inenso, koma anayendetsa galimoto imeneyi zaka makumi awiri ndi anthu okumba mijigo, m'matope ndi m'miyala, mpaka mabwana awo anawapatsa galimotoyo pa tsiku lopuma ntchito. Poimasula kuti aikonze, analemba ndi nsalu zanga. Nsanza imodzi pachitsulo, inzake pamalo pomwe chachoka.

Ndinapita kukaitana amakaniko a kuseri kwathu, aja mumawatcha a Mawamawa chifukwa galimoto iliyonse amati itha mawa. Atafika anaizungulira kawiri, n'kuseka, akuti mayi, uwu ndi mtembo, mukufuna tidzutse akufa? Ndinawayankha kuti iwo akhala akulonjeza kudzutsa akufa mawa kwa zaka makumi atatu, ayesepo kamodzi lero.

Anatola tinsanza tiwiri, akuti taonani, tonseti ndi tofanana, munthu angasiyanitse bwanji? Ndinatigwira maso ali kumbali. Ndinati aka ndi ka yunifolomu ya sukulu, akanso ndi ka malaya a kwaya, ulusi wake ndi wopyapyala. Anatichapa ndi palafini kuti andigwire bodza. Mitundu itaoneka anavula chipewa, n'kuchivalanso msanga poopa kuti ndingazolowere.

Kenako anandiuza vuto lina. Akuti pobwezera injini, chimene chinachotsedwa pomaliza ndicho chimabwerera poyamba, ndipo mwini wake yekha ndi amene ankadziwa ndondomekoyo. Ndinaganiza tsiku lonse. Ndinakumbuka kuti bambo ako ankatola zidutswa pansi pa makina, za nsalu yomwe ndikusoka sabata imeneyo. Ndipo ine zimene ndinasoka sindiiwala. Anayamba makatani, kenako mayunifolomu, kenako malaya a kwaya, pomaliza diresi laukwati la msuweni wako. Ndinawauza a Mawamawa kuti tiyambire paukwati, tizibwerera m'mbuyo mpaka tikafike kuchipatala. Akuti anthu ambiri amayenda ulendo umenewo chamtsogolo.

Tagwira masabata atatu. Ine ndimachapa nsanza n'kupeza kanzake, iwo amamanga. Injini tinaikweza ndi tcheni pamtanda wa chisakasa, amuna anayi akukoka, ine ndikuwauza kuti pang'onopang'ono. Ndapala dzimbiri pachitseko ndi pepala lokhakhala, ndipo pansi pake patuluka utoto wobiriwira. Ndinali nditaiwala kuti inali yobiriwira.

Iwe, m'galimoto muli zinthu! Muli kachitsulo kokhala ndi kabowo kochepa kuposa ka singano, akuti mafuta onse amadutsa pamenepo. Chinthu chachikulu chonsechi n'kumamwera pakabowo kotero? Ndinafunsanso za ndodo yachiwiri ija, yaifupi, ili pambali pa giya. Zaka zonse ndinkangokolekapo chikwama. Akuti masiku onse matayala akumbuyo okha ndi amene amakankha, akutsogolo amangonyamulidwa, koma ukakoka ndodo imeneyo onse anayi amagwira ntchito. Ndinati ndodo yotere ikanakhala m'mabanja bwenzi ambiri asakutitimira. A Mawamawa akuti ndimafunsa kuposa apolisi, ndipo tsiku lina adzandilipiritsa pa funso lililonse.

Dzana analowetsa chitsulo chopukusira kutsogolo kuja n'kupukusa ndi manja. Injini inazungulira. Ndinaika chikhatho pomwe anandiuza, ndinamva ikukoka mpweya. Iwo sanasekenso. Akuti mayi, uyu sanafe, wangotsala mawaya.

Apa ndiye pali chimene ndakulemberera. Mlongo wako ndamuuza kuti alembe osandiyang'ana.

Mawaya a pansi pa chiwongolero alibe nsanza. Onse ndi akuda, chifukwa bambo ako ankawasintha okha m'tchire ndi waya aliyense amene wapezeka, moti a Mawamawa akuti ngakhale buku la galimotoyo silingathandize. Akuti ukalumikiza molakwa, utsi umatuluka ndipo zonse zimapsa. Anandifunsa kuti bwanji munthu wosamala chotere anasiya mawaya osalemba. Ndinati kaya. Ndinanama.

Chinali chaka chomwe bambo ako anafa ziwalo n'kusiya kulankhula. Tinkawakhazika pampando pakhonde, moyang'ana chisakasa. Tsiku lina ndinkaluka chopondera cha pakhomo, nsanza n'kundithera. Ndinalowa m'galimoto muja, n'kuona tinsanza toyera bwino, topanda oyilo, tikulendewera pansi pa chiwongolero. Ndinatimasula tonse.

Ndikutuluka nato m'manja, bambo ako anayamba kumenya mpando ndi ndodo yawo, pakamwa pakugwedera. Ndinathamanga kukawatengera madzi. Anakankha kapu. Ndinawasuntha pamthunzi poyesa kuti dzuwa lawapsereza. Misozi inatsika, ine n'kuwapukuta ndi kamodzi ka tinsanza tomweto. Kenako ndinakhala pambali pawo n'kumaluka, iwo akuonerera.

Zaka zitatu akhala akupondapo anthu pa chopondera chimenecho, ine osadziwa chomwe ndinachita. Ndadziwa mwezi uno. Ine ndine munthu wosakonda kunena kuti ndinalakwa, ukundidziwa, koma apa ndinalakwa.

Chopondera chija ndachimasula. Tinsanza ndatichapa, ndatisita, ndatiyala pathebulo tiwiritiwiri. Tapezeka magulu khumi ndi anayi. Kuti aka ndi kanzake ka aka ndikudziwa. Koma kuti kanali pa waya uti, zala zanga sizingandiuze.

Amene angadziwe ndi iwe. Ukukumbuka tchuthi chija unabwera utangoyamba ntchito, bambo ako msana utawavuta? Unagona chagada pansi pa chiwongolero masiku awiri, miyendo ili panja, iwo akukupatsira nsanza, iwe ukumanga. Ndinkakumvani mukukangana kuti waya wa hutala ndi uti. Mwina unganene kuti waiwala. Inenso ndikanalumbira kuti makatani aja ndinawaiwala, mpaka nditawagwira.

Galimotoyo anasiyira iwe, si ine. Ukati ipite, ipita, ndipo geti ndidzamutsegulira ndekha wogula zitsuloyo. Sindidzabisa ngakhale nati imodzi. Koma ndikukupempha, mwana wanga, umuimbire umuuze kuti Loweruka limenelo asabwere. Ukapeza masiku ochepa kuntchito, ubwere udzagonenso pansi paja, ine ndizikupatsira nsanza. Zikakanika, tidzakhala titayesa, ndipo ndidzasiya kulankhula za nkhaniyi. Zikatheka, ndikufuna ndiimve ikulira ndili pakhonde pomwe ankakhala bambo ako.

Undiyankhe lisanafike tsikulo, ngakhale pa foni pako pothamanga paja. Mawu amodzi akwana.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti ndikumubwereka mwamuna wake masiku atatu okha, ndidzamubweza. Adzukulu anga uwasisite pamutu m'malo mwanga. Mlongo wako akupereka moni, akuti dzanja lamuwawa. A Mawamawa nawonso akuti ndikuuze kuti batire apeza kale, ndipo aka n'koyamba kuti apeze chinthu lisanafike mawa.

Mulungu akusunge panjira zako zonse, akupatse nzeru ndi mtima wofewa. Ukamabwera usavale shati yoyera.

Ndine mayi ako,
amene ndaika chala changa pansipa, ndipo chakudacho ndi oyilo.